Tinalemba kuti "wakana": nkhani ya mwini chilimira wina ndi katemera wa Covid-19 ku Mangochi

Ndine namwino woona zaumoyo m'madera, ndipo nthawi ya mliri wa Covid-19 ndinkagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, kudera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi. Nkhani ndikulembayi ndi ya bambo mmodzi amene ndinayenda nawo kuyambira Malichi mpaka Okutobala 2021. Dzina lawo, la mudzi wawo ndi la chipatala sinditchula, ndipo eni ake anavomera kuti ndilembe. Ndikulembera anzanga a ntchito, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi madokotala, chifukwa miyezi yonseyi bambowa anakhala m'kaundula wathu pansi pa liwu limodzi lakuti "wakana". Liwulo ndinalilemba ndi dzanja langa. Koma lilipo tsiku limene anabwera okha, atapinda kale mkono wa malaya, ife n'kuwabweza.

Munthu wake

Anali ndi zaka 56. Ndi mwini chilimira, ukonde waukulu wophera nsomba monga usipa, ali ndi boti la injini ndi mabwato awiri onyamula nyali, ndipo anyamata oposa khumi, alovi okoka ukonde pamodzi ndi siginala wowalondolera kumene kuli nsomba, amadyera m'manja mwawo. Akazi awo ndiwo amayang'anira thandala, kuyanika usipa ndi kuugulitsa kwa amalonda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, padoko ali m'komiti, moti akatsegula pakamwa anthu amakhala chete. Anali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, akumwa metformin wa shuga ndi HCT wa kuthamanga kwa magazi, ndipo buku lawo la kuchipatala linkachitira umboni kuti tsiku la kiliniki saphonya. Ana awo asanu onse anamaliza katemera wa kusikelo. Ndatchula izi dala kuti owerenga aone kuti sanali munthu wodana ndi chipatala, ndipo jakisoni sankamuopa.

Mu Januwale 2021 mliri unabweranso kachiwiri mwaukali. Ndi mwezi uja dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa 12 Januwale. Masiku omwewo achimwene awo aakulu a bambowa anayamba kubanika. Anawatengera kuchipatala chachikulu, anawaika pa mpweya, ndipo tsiku lachinayi anatisiya. Thupi linabwera litakutidwa m'pulasitiki, onyamula atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kusambitsa kunalibe, kuona nkhope kunalibe, kugona pasiwa kunalibe. Ine ndinkadziwa kuti m'banjamo mwagwa zovuta, ndipo ndinapepesa atabwera ku kiliniki, koma momwe mwambo wa maliro unayendera sindinafunse. Ndinadzazimva mu Ogasiti.

Kuyambira Malichi mpaka Epulo

Katemera woyamba anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, madozi 360,000 a AstraZeneca kudzera mu COVAX, ndondomeko yothandiza maiko kupeza katemera, ndipo pa 11 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa ku Zomba anthu akuona. Oyamba kulandira anali ife a zachipatala, achitetezo, aphunzitsi, azaka 60 kupita m'tsogolo ndi odwala matenda okhalitsa. Bambowa anali m'gulu lomalizali.

Tsiku la kiliniki ya shuga mzere unali wautali kufika pamtengo wa panja. Nditawayeza magazi ndinati, "Bambo, katemera uja wafika, ndipo inu muli m'gulu la oyamba. Tikubayeni lero?" Anayang'ana buku lawo kanthawi n'kunena kuti, "Ndamva, mayi. Ndikaganize kaye." M'kaundula yemwe tinadzikonzera wotsatira odwala a shuga tinkalemba zinthu ziwiri zokha, "walandira" kapena "wakana". Ndinalemba chachiwiricho n'kuitana wotsatira. Zonse sizinathe mphindi ziwiri.

Liwu limeneli linagwira ntchito yomwe sindinaiganizire. Alangizi a zaumoyo a dera lawo atalandira mndandanda, ananyamuka ngati akupita kukalimbana ndi munthu wouma mutu. Anatenga mayankho a mphekesera zonse zomwe zinkayenda padoko: za 666, zakuti wobayitsa adzafa pakatha zaka ziwiri, zakuti azungu akufuna kutichepetsa. Ena ankakumbutsanso za anamapopa a mu 2017, kuti a zachipatala ali ndi zawo zobisa. Bambowa anamvetsera mwaulemu, kenaka anati za 666 iwo eni anazitsutsa kale pa guwa, chifukwa Buku Lopatulika amaliwerenga. Atatero anatulutsa foni n'kutsegula uthenga wa mawu wochokera kwa mwana wawo wachisamba amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Mnyamatayo ankati, "Ababa, musayerekeze. Katemera ameneyo kuno ku Joni boma linamukana. Azungu kwawo amuimitsa chifukwa akuundanitsa magazi. Ndiye amutayira kwa ife osaukafe."

Alangizi anayankha kuti zimenezo ndi zabodza za pa WhatsApp. Sindikuwadzudzula, chifukwa nanenso ndikanayankha chimodzimodzi sabata imeneyo. Vuto linali lakuti mnyamatayo sananame zonse. Mu Febuluwale 2021 dziko la South Africa linaimitsadi kugwiritsa ntchito AstraZeneca, kafukufuku ataonetsa kuti sankateteza mokwanira ku matenda ocheperako oyamba ndi mtundu wa kachilombo umene unkafala kumeneko. Mu Malichi maiko monga Denmark, Norway ndi Germany anaimitsadi katemerayu kwa kanthawi pofufuza za kuundana kwa magazi. Bambowa anakafunsa mphunzitsi wina amene amatsata nkhani za kunja, ndipo anawatsimikizira kuti mwana wawo akunena zomwe zinachitika. Taganizani tsono: mbali ino mwana wobala okha, amene anawagulira injini ya boti ndi thukuta la ku Joni, wanena zoona, mbali inayo a chipatala ati n'zabodza. Tsiku limenelo tinaluza chikhulupiriro chomwe tinamanga zaka zambiri pa kiliniki ya shuga.

Nditamva, ndinapita ndekha chakumapeto kwa Epulo. Ndinawapeza pansi pa chisakasa akusoka ukonde, chingwe chili kukamwa. Ndinayamba ndi kuvomera. Ndinati, "Bambo, mwana wanu sananame. Ku South Africa anaimitsadi, ndipo kuundana kwa magazi kulipodi." Anaika singano pansi. Ndinafotokoza kuti vuto la kuundanako limagwera anthu owerengeka kwambiri mwa anthu ochuluka zedi obayitsa, makamaka achinyamata, ndipo maiko ambiri amene anaimitsa anayambiranso kubaya atafufuza. Ndinawauzanso mosabisa kuti kwa munthu wa msinkhu wawo, wa shuga ndi BP, choopsa chachikulu ndi Covid yemweyo, yemwe naye amaundanitsa magazi. Anati, "Zaulere zimandiopsa, mayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Koma anandiperekeza mpaka kumsewu, zomwe alangizi sanawachitire.

Tsiku lomwe tinawabweza

Linali Lachiwiri, kumayambiriro kwa Meyi, cha m'ma 2 koloko masana. Ndinangoona njinga ya kabaza yaima panja, bambowa n'kutsika atavala malaya oyera a kutchalitchi. Analowa, anakhala pa benchi, anapinda mkono wa kumanzere mpaka paphewa. "Ndabwera, mayi. Bayani."

Kabotolo ka AstraZeneca kankakhala ndi madozi khumi, ndipo kakatsegulidwa kankayenera kutha pasanadutse maola asanu ndi limodzi, zotsala zinkatayidwa. Masana amenewo ofuna katemera analipo atatu okha: bambowa ndi amayi awiri. Tinkakumbutsidwa kawirikawiri kuti katemera ndi wochepa, tisamataye. Ndinakambirana ndi mnzanga amene ankasunga makiyi a furiji, ndipo tinagwirizana kuti kutsegula kabotolo chifukwa cha anthu atatu n'kutaya madozi asanu ndi awiri sikungamveke pa lipoti. Ndinabwerera n'kuwauza kuti abwere Lachinayi m'mawa, tsiku la sikelo, pamene anthu amachuluka.

Sanakalipe. Anatsitsa mkono wa malaya pang'onopang'ono, n'kumanga batani la padzanja. Anangofunsa kuti, "Ndiye wa kabaza uja ndimulipire yobwerera?" Basi anatuluka.

Lachinayi sanabwere. Anali atachezera panyanja usiku wonse, ndipo m'mawa ndi nthawi yokhuthula usipa, kuwerengera alovi ndalama ndi kukangana mitengo ndi ogula. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndakhala kunyanja zaka zambiri, koma posankha tsiku ndinayang'ana kalendala ya chipatala yokha.

Patangopita masabata awiri, pa 19 Meyi, boma linatentha madozi 19,610 a AstraZeneca ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, nduna ya zaumoyo a Khumbize Kandodo Chiponda ali pomwepo. Anali ena mwa madozi ochokera ku African Union omwe anafika chakumapeto kwa Malichi atatsala masabata ochepa kuti athe mphamvu pa 13 Epulo. Cholinga chotenthera poyera chinali chabwino, kuti anthu aone kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha ntchito. Koma padoko nkhani inafika itasintha kale: akuti katemera ndi wowola, boma lomwe lamutaya. Bambowa atabwera kudzatenga mankhwala a mweziwo anandiuza mawu omwe sindidzaiwala. "Mayi, inu munandibweza kuti musataye asanu ndi awiri. Ku Lilongwe atentha zikwizikwi. Ndiye kuti ine mtengo wanga sukwana asanu ndi awiri aja?"

Ndinasowa choyankha, ndipo mpaka lero ndikuona kuti chigamulo cha tsiku lija chinali cholakwika. Madozi aja tinawasunga, koma munthu wa shuga, amene mawu ake amatsatidwa ndi doko lonse, tinamutaya miyezi isanu. Pambuyo pake anandiuza chimene chinawabweretsa Lachiwiri lija: mnzawo wogula nsomba wa ku Lilongwe anabayitsa n'kubwera padoko ali bwinobwino, akunyamula yekha matumba. Mtima unali utatembenuka sabata imeneyo yokha. Kufuna katemera kwa munthu wamkulu kumabwera ndi tsiku lake, ndipo kukapeza chitseko chotseka kumabwerera komwe kwachokera. Anzanga amene mumasunga makiyi a furiji, pokana kutsegula kabotolo muziwerengeranso ndalama ya kabaza, tulo tomwe munthu wasiya, ndi manyazi obwerera kumudzi anthu atamuona akupita.

Mu Juni nkhani inatha yokha, chifukwa katemera anatheratu m'dziko. Ngakhale amene ankadikira jakisoni wachiwiri tinkawabweza. Bambowa akanabweranso mwezi umenewo tikanawabwezanso.

Kudwala kwa akazi awo

Mu Julayi, mwera uli pachimake ndipo mliri utabwera kachitatu, alangizi anandiimbira kuti mayi a kunyumba kwa bambowa akhala masiku asanu akutsokomola ndi kutentha thupi, ndipo amuna awo aletsa kuti asapite kuchipatala. Ndinakwera njinga yamoto. Mayiwo ndinawapeza atatsamira khoma, akulankhula mawu awiriawiri n'kupuma. Kachipangizo kopanira pachala kanaonetsa 86. Ndinawauza bambowa kuti mpweya ukatsika pansi pa 90 munthu amafunika okosijeni, ndipo kunyumba tilibe.

Anati, "Achimwene anapita akuyenda okha. Anabwera m'pulasitiki. Awa asafere kwa eni ake."

Apa sindinakangane nawo za chiwerengero. Ndinalonjeza zinthu zitatu zomwe ndinkadziwa kuti ndingakwanitse: kuti ndiperekeza ndekha, kuti foni ya mayiwo ikhala m'manja mwawo, ndi kuti tsiku lililonse madzulo ndiziwaimbira kuwauza momwe zilili, zabwino kaya zoipa. Anavomera dzuwa litapendeka. Kuyeza kwa m'mphuno kunatsimikiza kuti ndi Covid. Mayiwo anakhala pa mpweya masiku asanu ndi limodzi, n'kutuluka ali moyo.

Ndinkayembekeza kuti zimenezi zitsegula njira ya katemera. Sizinatero. Katemera wa AstraZeneca atabweranso chakumapeto kwa Julayi ndinawakumbutsa, iwo n'kuti, "Mayi akunyumba achira popanda katemera. Ine ndinagona nawo chipinda chimodzi, sindinadwale. Mulungu alipo." Ambiri a ife timaganiza kuti matenda akalowa m'nyumba anthu amathamangira jakisoni. Kwa bambowa, kuchira kwa akazi awo kunakhala umboni wakuti angathe kupirira. Chomwe chinasintha n'chakuti tsopano ankayankha foni yanga, ndipo mu Ogasiti, titakhala pakhonde, anandifotokozera za maliro a achimwene awo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Analira. Ine ndinapepesa, ngakhale sindinali m'gulu lomwe linaika malirowo, chifukwa kwa iwo ovala zoyera aja ndi ife tonse ndife amodzi.

Mayiwo ndiwo anandinong'oneza china pondiperekeza. Iwo ankafuna kubayitsa kuyambira Epulo, koma sakanapita mwini nyumba asanalole. Kenaka anati, "Nkhani yeniyeni sangakuuzeni inu, poti ndinu munthu wamkazi. Atumizireni mwamuna mnzawo."

Chomwe chinali pansi pa zonse

Ndinapempha dokotala wathu wamwamuna, wamkulu msinkhu, kuti pa kiliniki yotsatira awaone yekha, chitseko chitatsekedwa, ndipo asatchule za katemera mpaka eni ake atayamba. Anawafunsa za shuga, za dzanzi la kumapazi, za maso, kenaka anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga kunyumba zikuyenda, bambo?" Panapita nthawi asanayankhe. Zinapezeka kuti kwa chaka ndi miyezi mphamvu za m'banja zinali zikuchepa, ndipo sanauzepo munthu. Padoko anyamata ankaseka kuti katemera amagwetsa mwamuna mu mpapaya. Bambowa ankaopa kuti jakisoni adzamaliza kochepa komwe kanatsala, ndiponso kuti zikadzadziwika anthu adzati ndi katemera uja anamukakamira.

Dokotala anawafotokozera kuti shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga mitsempha ya magazi ndi ya uthenga, kuphatikizapo ya kumaliseche, ndipo vutoli ndi lofala pakati pa abambo a shuga. Anawauzanso kuti HCT mwa anthu ena amawonjezera vutoli, ndipo anawasinthira ku amlodipine, mankhwala ena a BP. Shuga wawo anali atakwera miyezi ya chisoni ija, choncho anakonzanso kamwedwe ka metformin ndi kukambirana za tiyi wa shuga wambiri amene ankamwa usiku panyanja. Za katemera ananena mawu ochepa: kuti palibe umboni wakuti amachepetsa mphamvu za abambo kapena kubereka, ndipo iye mwini anabayitsa mu Malichi.

Zaka zonse zomwe bambowa ankabwera ku kiliniki yathu, palibe mmodzi wa ife anawafunsapo funso limeneli, ngakhale mabuku athu amatiuza kuti tizifunsa. Zinatengera mliri kuti tifunse. Ndimaganiza za abambo ena a shuga amene tinawalemba kuti akana, kuti angati mwa iwo anasenza katundu yemweyu.

Panatsala zinthu ziwiri, ndipo zonse anazitchula okha titasiya kuwalalikira. Choyamba chinali mwana wa ku Joni. Apa mwayi unatigwera, chifukwa mu Ogasiti kunafika katemera wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi, yemwe ku South Africa anayamba kubaya a zachipatala kuyambira Febuluwale 2021. Ndinapempha kuti tiimbire mnyamatayo limodzi. Ndinamuyamikira kuti anachenjeza bambo ake ndi nkhani yoona, n'kumuuza kuti amene tili naye tsopano ndi yemwe akubaya kumeneko. Ndinamuuzanso kuti katemera ameneyu nayenso ali ndi vuto lija la kuundana kwa magazi mwa anthu owerengeka kwambiri, ndipo ndinatchula zizindikiro zoti munthu athamangire kuchipatala m'masabata oyamba: mutu waukulu wosasiya, kutupa mwendo, kubanika, kupweteka m'mimba kosalekeza. Sanavomere, koma anati, "Ababa ndi aakulu, aone okha." Kwa bambowa mawu amenewo anakwana.

Chachiwiri chinali ntchito. Anamva kuti wobayitsa amaphwanya m'thupi masiku awiri kapena atatu. Usodzi wa kauni umadalira mdima, chifukwa usipa umatsata nyali. Mwezi ukawala nsomba sizisonkhana ndipo ambiri amapuma n'kumasoka maukonde. Kugona masiku atatu nthawi ya mdima ndi kutaya ndalama ya mabanja khumi. Sindinawanamize kuti sadzamva kanthu. Ndinati n'kutheka ndithu kuti thupi litentha ndi mkono ulemera, choncho tisankhe sabata ya mwezi wowala. Anaseka koyamba m'miyezi yonseyi n'kuti, "Tsopano mwayamba kulankhula ngati munthu wa kunyanja." Anawonjeza kuti kuchipatala sabweranso kudzakhala pa benchi lija. Ngati tikufuna, tibwere kudoko.

Padoko

Tinapita mu Okutobala, sabata ya mwezi wathunthu, ine ndi alangizi aja, bokosi lozizira litamangidwa kumbuyo kwa njinga. Kabotolo ka Johnson & Johnson kankakhala ndi madozi asanu, ndipo ulendo uno ndinanyamuka nditatsimikiza mumtima kuti ngakhale apezeke munthu mmodzi, nditsegula. Tinakhala pansi pa chisakasa chomwe chija. Bambowa anayala chitenje cha akazi awo pa bwato lovundikira kuti likhale tebulo. Anthu anaima patali, manja m'chiuno, ana ali pamchenga.

Anayamba ndi iwo. Anavula malaya onse, kuti aliyense aone kuti singano yalowadi. Kenaka akazi awo, amene anali atachira bwino, kenaka siginala ndi alovi awiri. Kabotolo kanatha.

Pasanathe mphindi zisanu, mmodzi wa alovi aja, mnyamata wa zaka za m'ma 20, anati akumva chizungulire, n'kugwa chagada pamchenga. Mayi wina anakuwa kuti, "Amupha!" Anthu anayamba kuyandikira, ena atatola nkhafi. Ndinagwada, ndinamugoneka bwino n'kukweza miyendo yake pa thumba la ukonde. Kupuma kunali bwino, milomo ndi nkhope sizinatupe, pakhungu panalibe zidzolo, mtima unkagunda pang'onopang'ono koma mosadukiza. Adrenaline, mankhwala othandiza munthu amene thupi lake ladana kwambiri ndi jakisoni, ndinali naye pafupi, koma zizindikiro zinali za kukomoka wamba kobwera ndi mantha, ndipo pasanathe mphindi imodzi anatsegula maso. Zinadziwika kuti sanadye chilichonse kuyambira dzulo lake, ndipo singano ankaiopa kuyambira ali mwana koma anachita manyazi kukana pamaso pa bwana wake.

Amene anatontholetsa gulu sindine. Bambowa anaimirira, thonje likadali paphewa, n'kunena mokweza kuti, "Mwana uyu wagwa ndi njala. Ine ndabayitsa woyamba, ndine wa shuga, si uyu ndaima apa? Mupatseni phala." Nkhafi zinatsika. Ndinalemba fomu ya zotsatira za katemera monga mwa lamulo, ndipo tinakhala pomwepo ola lathunthu. Pali zinthu ziwiri zomwe ndinaphonya m'mawa umenewo. Sindinafunse aliyense ngati wadya, ndipo ndinabaya anthu ataimirira. Chachikulu koposa, sindinamutengere pambali mnyamatayo kuti ndimve ngati akufunadi yekha. Pogwiritsa ntchito munthu wa mphamvu ngati bambowa, mawu ake amakoka anthu, komanso amatha kukankha amene sangathe kumukanira. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ndimamufunsa payekha, atakhala pansi, bwana wake ali patali.

Tsikulo palibe wina anabwera. Tinabwerera ndi mabotolo awiri osatsegula.

Zomwe zinatsatira

Bambowa anatentha thupi usiku umodzi, mkono unalemera masiku awiri, anamwa panado. Mdima utabwerera anali panyanja. Ndinawaimbira tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, ndi pakutha pa masabata anayi. Panalibe chodetsa nkhawa. Mwezi wotsatira, nthawi ya mwezi wowala, anatumiza uthenga kuti tibwerenso, ndipo tinatsegula mabotolo atatu. Ambiri anali amayi oyanika nsomba, amene amuna awo tsopano anawalola. Mwa alovi awo, anayi sanabayitse mpaka pamene ndinachoka kuderali, ndipo bambowa sanawachotse ntchito kapena kuwaumiriza, zomwe ndinawapempha ndekha.

Pachipatala tinasintha zingapo. M'kaundula wathu tinachotsa liwu lakuti "wakana" n'kuika malo olemba mawu enieni amene munthu wanena, ndi tsiku loti tidzamufunsenso. Tinagwirizana kuti wodwala matenda okhalitsa akabwera yekha, kabotolo katsegulidwe, alangizi n'kuthamanga kumsika ndi kuchigayo kukaitana ena kuti madozi otsala asatayike. Nthawi zambiri ankapezeka. Pa kiliniki ya shuga dokotala anayamba kufunsa abambo onse za kunyumba.

Chakumapeto kwa Disembala, mtundu wa kachilombo wotchedwa Omicron uli ponseponse, bambowa anadwala chimfine ndi zilonda za kukhosi, ndipo kuyeza kunaonetsa Covid. Anabwera okha tsiku lachiwiri, mpweya uli 96, n'kuchirira kunyumba. Anandifunsa kuti, "Nanga katemera uja wagwira chiyani?" Ndinawakumbutsa zomwe ndinanena pa chisakasa, kuti ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa mwayi wogonekedwa ndi wa imfa, ndipo kudwala pang'ono kumatheka. Anagwedeza mutu, koma jakisoni wowonjezera sanabwere kudzalandira, ngakhale ndinawakumbutsa kawiri. Shuga anatsika, ndipo anauza dokotala kuti za kunyumba zasinthako pang'ono. Kolera itavuta m'boma la Mangochi mu 2022, chisakasa chawo ndicho tinkagawirapo klorini, ndipo iwo ndiwo ankaitana anthu.

M'banjamo munatsala munthu mmodzi amene sindinathe kumufikira, mlamu wawo, mkazi wa malemu achimwene aja. Ndinapitako katatu. Ulendo womaliza anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi akumwa, anamvetsera zonse mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Mwana wanga, mundionetse kaye nkhope ya mwamuna wanga, ndiye mudzandibaye." M'kaundula ndinalemba mawu amenewo monga momwe anawanenera, ndipo malo a tsiku lodzafunsanso ndinawasiya opanda kanthu.